Nyimbo Zikasokonekera Mutaika Sabuwufa M'galimoto: Momwe Mungapezere Vuto

Fodya akayamba kugulitsidwa ku Chinkhoma, ndalama n'kuyamba kuoneka m'matumba, amisiri a magetsi a galimoto pa boma la Kasungu sapuma. Ma Sienta, ma Probox ndi maminibasi amafola kudzaikitsa ampulifaya ndi bokosi la sabuwufa kumbuyo, ndipo eni ake amachoka akumwetulira, buti ikugunda ngati ng'oma ya chimtali. Pakangotha sabata imodzi kapena ziwiri, ambiri mwa iwo amabwerera ndi madandaulo akuti besi yasowa, ampulifaya ikumazima yokha, mukumveka kaphokoso kolira ngati nyenje, kapena batire likumatha usiku. Chimene amayamba kuganiza n'chakuti anawagulitsa katundu wachinyengo, moti ena amafika pogula ampulifaya ina, n'kupeza kuti nayonso ikuchita chimodzimodzi.

Ndakhala ndikutsegula mabuti a galimoto zoterezi kwa zaka zingapo, ndipo ndaona kuti nthawi zambiri sabuwufa ndi ampulifaya zimakhala zilibe mlandu. Vuto limakhala pa mawaya, pa malo amene alumikizidwa, kapena pa timabatani ta pa ampulifaya timene wina anapotokola asakudziwa ntchito yake. Njira yodalirika n'kutsatira magetsi kuchokera ku batire mpaka ku sipika, mukuyeza paliponse pamene mwafika, ndi kusintha chinthu chimodzi n'kuyesa musanagwire china. Mukasintha zinthu zitatu pakamodzi n'kuona kuti nyimbo zabwerera, simudziwa chimene chinalakwika, ndipo vutolo likadzayambiranso muli pakati pa msewu wa ku Chamama mudzasowa pogwira.

Zida zofunika si zambiri. Pezani multimeter, yoyezera magetsi ija ambiri amangoitchula kuti mita, sipanala ya 10 yomasulira mitu ya batire, sandipepa, mafyuzi apadera, kabatire ka mavoliti 1.5 konga ka mu rimoti, ndi chingwe chimene mbali imodzi chimalowa m'foni pomwe mbali inayo chili ndi mitu iwiri ya RCA, timapulagi tozungulira tolowetsera mawu ku ampulifaya. Musanamasule kapena kumanga waya aliyense wa magetsi, yambani mwachotsa waya wa negetivu pa batire. Mavoliti 12 sangakugwireni monga amachitira magetsi a m'nyumba, koma waya wochokera ku batire akakhudza chitsulo cha galimoto amafiira m'kanthawi kochepa, ndipo kapeti sachedwa kugwira moto. Ngati galimoto yanu ndi ya hybrid, monga Toyota Aqua, mawaya okutidwa ndi pulasitiki ya mtundu wa lalanje musawakhudze n'komwe, chifukwa amenewo amanyamula magetsi amphamvu okhoza kupha munthu. Timapulagi tachikasu natonso tisiyeni, popeza kawirikawiri timakhala ta ma airbag.

Ampulifaya ikapanda kuyaka

Kumbali kwa ampulifaya kuli malo atatu olowera magetsi. Pa +12V pamalowa waya wonenepa wochokera ku batire, pa GND pamachoka waya wa earth wopita ku chitsulo cha galimoto, ndipo pa REM pamalowa kawaya kakang'ono kochokera ku wailesi kamene kamauza ampulifaya kuti iyake. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, kanyali ka pa ampulifaya sikayaka. Ikani mita pa DC, muyambe ndi batire lenilenilo: lathanzi limasonyeza mavoliti pafupifupi 12.6 injini itazimitsidwa, ndipo likamasonyeza ochepera 12 ndiye kuti lafooka, mulitchaje kaye musanaimbe mlandu china chilichonse. Kenaka pitani ku buti, mugunditse waya wofiira wa mita pa +12V ndi wakuda pa GND. Mukapeza chiwerengero chofanana ndi cha ku batire, magetsi akufika. Mukapeza ziro, sunthani wakudayo mumugunditse pa chitsulo cha galimoto chopanda penti. Chiwerengero chikabwera, earth ndiyo ili ndi vuto, koma chikapanda kubwerabe, bwererani kutsogolo mukaone fyuzi.

Fyuzi imene ndikunenayi ndi ija imaikidwa pa waya wonenepa pafupi ndi batire, ndipo iyenera kukhala pa mtunda wosapitirira masentimita 45 kuchokera pa mutu wa batire. Ntchito yake n'kuteteza wayayo ndi galimoto yonse, pakuti ampulifaya ili ndi mafyuzi akeake. Mukatsegula boneti n'kupeza kuti amene anakuikirani nyimbo sanaikepo fyuzi imeneyi, siyani kaye zonse muyambe mwaikapo. Fyuzi imatha kuoneka yabwino ndi maso chikhalirecho inaduka kumapeto, choncho yezani magetsi mbali zake zonse ziwiri. Ikakhala kuti yapsa, musafulumire kuyambiranso kuimba musanadziwe chimene chaiwotcha. Chotsani waya pa +12V ya ampulifaya, mukulunge nsonga yake ndi tepi, muike fyuzi yatsopano n'kubwezera batire. Ikapsanso, ndiye kuti wayayo wasupuka penapake ndipo akukhudza chitsulo. Malo amene ndimayamba kuyang'ana ndi pa bowo limene waya amadutsira pochoka ku injini kulowa mokhala anthu, chifukwa ambiri amamudutsitsa popanda mphira yomuteteza, ndipo galimoto ikamagwedezeka m'misewu yafumbi chitsulocho chimamucheka pang'onopang'ono ngati mpeni. Yang'ananinso pansi pa mipando pamene njanji zake zimayenda, ndi pansi pa mapulasitiki a m'munsi mwa zitseko. Fyuzi ikamapsa pokhapokha waya walumikizidwa ku ampulifaya, apo ndiye ampulifaya yawonongeka mkati ndipo ikufunika wokonza mawailesi. Chizolowezi choika fyuzi yaikulu kuposa yoyenera, kapena kuikulunga ndi kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, n'chimene chimawotchetsa galimoto.

Ngati pa +12V pali magetsi, yatsani wailesi muyeze pa REM, pamene payeneranso kuoneka mavoliti pafupifupi 12. Pakakhala palibe, chotsani kawaya ka ku wailesi, mutenge kawaya kena kakafupi mulumikize +12V ndi REM kwa kanthawi; ampulifaya ikayaka, mwadziwa kuti ilibe vuto ndipo ntchito yatsala pa kawaya ka REM. Pa mawailesi ogula padera monga Pioneer, Sony, Kenwood ndi JVC, kawaya koyenera ndi kabuluu kokhala ndi mzere woyera. Mawailesi ena alinso ndi kabuluu kopanda mzere, kamene ntchito yake n'kupereka magetsi ku eriyo, ndipo kamakhala ndi moto pokhapokha mukumvera FM. Tsono mukaona kuti besi imagunda mukamamvera siteshoni koma imasowa mukangoika flash kapena Bluetooth, musavutike kufufuza kwina, wina anasokoneza timawaya tiwiriti.

Galimoto zambiri zimene tikuyendera kuno zinachokera ku Japan ndi wailesi yake ya ku fakitale, ija imathera pa 90 pa FM mpaka muiikire kachipangizo kowonjezera masiteshoni. Mawailesi ambiri oterewa alibe potulukira RCA kapena kawaya ka REM. Amene amaika sabuwufa pa wailesi yotere amatenga mawu pa mawaya a masipika akumbuyo n'kuwadutsitsa m'kabokosi kotchedwa line output converter, ndipo magetsi a REM amawatenga pa waya amene amakhala ndi moto kiyi akafika pa ACC. Malo olumikizawa amakonda kukhala ongopota ndi zala n'kukulunga tepi, ndipo kutentha kwa m'dashibodi kukafewetsa tepiyo mawaya amasiyana kapena kukhudzana. Masipika onse a m'zitseko akangokhala chete mutaika sabuwufa, yambani mwamasula malo amenewo, popeza mawailesi ambiri amatseka mawu onse waya mmodzi wa sipika akakhudza chitsulo.

Waya wa earth

Pa zonse zimene ndatchulazi, chimene chimasautsa anthu kwambiri ndi earth, chifukwa vuto lake silibwera mwa mtundu umodzi: lero ampulifaya yazima, mawa yayaka koma ikuchita phokoso, mkuja besi yafooka. Tsiku lina kunabwera bambo wina woyendetsa Sienta yonyamula anthu pakati pa Kasungu ndi Nkhamenya, atagula kale ampulifaya yachiwiri. Anati nyimbo zimayenda bwino pa phula, koma akangoponda bampu kapena kutsikira kumbali kwa msewu kuti akweze munthu, besi imadula n'kubweranso. Nditakweza kapeti wa m'buti ndinapeza waya wa earth atamangidwa ndi kasikuluu kogwira pulasitiki, pamwamba pa penti yonyezimira, ndipo nditamukhudza ndi chala anagwedera ngati dzino la mwana lofuna kuguluka. Ndinawafunsa kuti, “Bambo, ampulifaya yoyamba ija munaitaya?” Iwo anati ili kunyumba pamwamba pa kabati. Titakonza earth n'kuibweretsa, inayaka bwinobwino, koma ndalama zimene anagulira yachiwiri zinali zitapita kale.

Waya wa earth akhale wonenepa mofanana ndi wa ku batire, chifukwa magetsi onse amene alowa m'ampulifaya amabwerera kudzera mwa iyeyo, ndipo akhale wamfupi, makamaka wosapitirira masentimita 50. Sankhani chitsulo chochindikala cha thupi lenileni la galimoto, osati chitseko cha buti kapena mwendo wa mpando, mupale penti ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, malo aakulu ngati ndalama yachitsulo. Kunsonga kwa waya kukhale kamphete kachitsulo kofinyidwa bwino, ndipo mumange ndi bawuti ndi nati zolimba, pakuti waya wongokulungidwa pa bawuti sachedwa kukhwefuka. Mukamaliza, pakani girizi pang'ono pamwamba pake kuti dzimbiri lisalowe m'nyengo ya dzinja. Mukafuna kuboola bowo latsopano, suzumirani kaye pansi pa galimoto, chifukwa thanki ya mafuta ndi mapaipi a mabuleki zimakhala pansi pomwepo. Bawuti la lamba wa mpando ambiri amalikonda poti n'losavuta kulipeza, koma ine sindililimbikitsa, popeza mano ake nthawi zambiri amakhala opakidwa zomatira zimene zimatchinga magetsi, komanso si bawuti loyenera kuliseweretsa.

Kuti mutsimikize, lizani nyimbo mokweza, mulumikize mita pakati pa GND ya ampulifaya ndi negetivu ya batire pogwiritsa ntchito waya wautali wowonjezera. Chiwerengero chikhale pafupi ndi ziro. Chikamafika theka la voliti besi ikagunda, earth ikutaya mphamvu. Musaiwale kuti earth ili ndi mbali ina kutsogolo, waya wochoka pa negetivu ya batire kupita ku thupi la galimoto, amene a ku fakitale anamuika asakuganizira za ampulifaya. Mitu ya batire ikakhala ndi ufa woyera kapena wobiriwira, itsukeni ndi madzi osungunuliramo soda uja timathira m'therere, muiumitse n'kuimanga mwamphamvu.

Kanyali kofiira, kutentha ndi nyali zophethira

Ampulifaya zambiri zili ndi tinyali tiwiri, kobiriwira kapena kabuluu kosonyeza kuti yayaka, ndi kofiira kolembedwa PROTECT. Kofiirako kakayaka, ampulifaya yadzitseka yokha pofuna kudziteteza, ndipo choyambitsa chimakhala shoti pa mawaya a sipika, katundu woilemera, kutentha, kapena kuchepa kwa magetsi. Zimitsani zonse, muchotse mawaya a sipika ndi zingwe za RCA, musiye magetsi okha, muyatsenso. Kofiira kakayakabe pamene magetsi ndi earth mwaziyeza kale n'kuzipeza zili bwino, ampulifaya yawonongeka mkati. Kakazima, bwezerani RCA muone, kenaka mawaya a sipika, ndipo chimene chayatsanso kofiirako ndicho muchitsatire. Kawirikawiri mumapeza kaulusi kamodzi ka waya, kowonda ngati tsitsi, katatuluka pa malo ake n'kukhudza waya winayo.

Nkhani ya katundu woilemera ikufunika kuimvetsa bwino, chifukwa ndi imene imapha ampulifaya zambiri. Sipika iliyonse ili ndi chiwerengero cha ma ohm, ndipo chiwerengerochi chikamachepa ampulifaya imakoka magetsi ochuluka n'kumatentha kwambiri. Masabuwufa awiri a ma ohm 4 mukawalumikiza pozitivu ku pozitivu ndi negetivu ku negetivu amasanduka ma ohm 2, koma mukawalumikiza mondondozana, negetivu ya imodzi kupita ku pozitivu ya inzake, amakhala ma ohm 8. Masabuwufa ena ali ndi makoyilo awiri mkati, amene mumawadziwa poona malo anayi olowetsa mawaya, ndipo masamu ake ndi omwewo. Tsono ampulifaya zambiri za matchanelo awiri zimapirira ma ohm 2 pa tchanelo chilichonse, koma mukaphatikiza matchanelo awiriwo kukhala chimodzi, zija amati bridge, zimafuna ma ohm 4 kapena kuposa. Munthu akaika ma ohm 2 pa bridge, nyimbo zimagunda mokoma kwa kanthawi, kenaka kofiira kamayaka. Werengani zimene zalembedwa pa ampulifaya kapena m'kabuku kake, muyeze ndi mita pa mawaya ochokera ku bokosi mutawachotsa ku ampulifaya. Dziwani kuti mita imasonyeza chiwerengero chocheperako pang'ono: sipika ya ma ohm 4 imawerenga pakati pa 3 ndi 4, pomwe ya ma ohm 2 imawerenga pakati pa 1.5 ndi 2.

Vuto la kutentha n'losavuta kulizindikira, chifukwa ampulifaya imazima itaimba kwa nthawi, makamaka masana a mwezi wa Okutobala, ndipo ikazizira imayakanso. Siyenera kukwiriridwa pansi pa kapeti, kumangidwa chozondoka, kapena kutsamiridwa ndi matumba a chimanga ndi mtedza. Fumbi la m'chilimwe likadzaza m'timizere ta chitsulo chake, lichotseni ndi burashi.

Kuchepa kwa magetsi n'kumene kumachititsanso kuti nyali zakutsogolo ziziphethira motsatira besi usiku. Lizani injini muyeze pa batire, pamene alitaneta, chipangizo chotchaja batire injini ikamalira, ikakhala yabwino imapereka mavoliti apakati pa 13.5 ndi 14.7, kenaka muyeze pa ampulifaya nyimbo zikugunda. Ziwerengero ziwirizi zikasiyana ndi kuposa theka la voliti, waya ndi wowonda kapena penapake sipanamangidwe bwino. Mawaya ambiri otchipa amene amagulitsidwa m'mapaketi amaoneka onenepa chifukwa cha pulasitiki yakunja, ndipo mkati mwake mumakhala aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba. Mukapala kaulusi kake ndi mpeni n'kuona kuti mkati ndi moyera, si kopa weniweni, ndipo waya wotere amanyamula magetsi ochepa kuposa wa kopa wonenepa mofanana naye. Pa kayezedwe ka geji, nambala ikamachepa waya amanenepa, choncho geji 4 ndi wamkulu kuposa geji 8. Ampulifaya yaing'ono imakwanira ndi geji 8 ya kopa weniweni, koma yofika mawati 500 enieni ndi bwino kuiikira geji 4.

Ndanena kuti mawati enieni chifukwa manambala a pa katoni, monga 3000W, ndi okopera ogula. Chiwerengero chodalirika ndi chija chalembedwa kuti RMS, ndipo chikasowa, mafyuzi a pa ampulifaya amaulula zoona. Ikakhala ndi mafyuzi awiri a ma amp 25, ndiye kuti singakoke magetsi oposa ma amp 50 kwa nthawi yaitali, amene pa mavoliti 14 ndi mawati 700, ndipo gawo lina la amenewa limathera m'kutentha osafika ku sipika. Ma amp 50 omwewo si ochepa kwa galimoto yaing'ono, imene alitaneta yake iyeneranso kudyetsa nyali, fani ya injini ndi zoziziritsa mpweya. Magetsi akamatsika pa batire penipenipo, onani ngati lamba wa alitaneta wakhwefuka, muyezetse batire, ndipo pa mawaya ochoka ku alitaneta kupita ku batire ndi a earth ya injini muwonjezerepo ena onenepa. Chipangizo chija chooneka ngati chitini, chotchedwa capacitor, chimene ogulitsa amakonda kuchiyamikira, chimangosunga magetsi pang'ono a kanthawi kochepa koma sichipanga magetsi. Alitaneta ikakhala yochepa mphamvu, mankhwala ake n'kuchepetsa gain, kabatani ka pa ampulifaya kamene ndikafotokoze kutsogoloku, kapena kupeza ina yaikulu.

Yayaka koma bokosi lili duu

Apa yambani ndi zosavuta. Mawailesi ambiri ali ndi malo m'menyu oyatsira ndi kuzimitsira sabuwufa, ndipo batire likachotsedwa amaiwala zonse n'kubwerera m'mene anachokera ku fakitale. Onani ngati RCA zalowa pa INPUT osati pa OUTPUT, komanso ngati kabatani ka fyuluta kali pa LPF, pamene pamadutsitsa mawu apansi okha, chifukwa kakakhala pa HPF ampulifaya imataya mawu onse apansi, amene ndi okhawo sabuwufa imatha kutulutsa. Zimenezi zikakhala bwino, chotsani RCA za ku wailesi, mulumikize foni mwachindunji ku ampulifaya ndi chingwe chija, voliyumu ili pansi. Mawu akatuluka, vuto lili ku wailesi kapena m'chingwe cha RCA chimene mwina chinapanidwa ndi mpando. Akapanda kutuluka, chotsani mawaya a bokosi ku ampulifaya muwagunditse pa kabatire kaja, ndipo sipika yamoyo imalira kuti “dhu” n'kusuntha. Ikakhala chete, imasuleni m'bokosi, popeza mawaya a mkati amakonda kusololoka ndi kugwedezeka. Mukayeza ma ohm pa sipika yeniyeniyo mita n'kusonyeza OL, kutanthauza kuti magetsi sakudutsa, koyilo yaduka. Mutha kutsimikiza ndi mphuno, chifukwa koyilo yopsa imanunkha vanishi wowauka, komanso ndi dzanja: kankhani pepala la sipika mofatsa ndi zala zonse mozungulira pakati, ndipo mukamva kukhwekhwereza ngati mkati muli mchenga, sipikayo yatha.

Phokoso lotsatira injini

Kaphokoso koonda kamene kamakwera mukaponda mafuta n'kutsika mukachotsa phazi kamachokera ku alitaneta, ndipo kamalowa m'nyimbo pamene wailesi ndi ampulifaya sizikugwirizana pa earth, kapena pamene chingwe cha RCA chatola phokoso m'njira. Musanamasule chilichonse, zulani tchaja ya foni pa soketi ya ndudu, chifukwa matchaja otchipa amabweretsa phokosoli kawirikawiri, makamaka foni ikamatchajidwa uku ikuimba kudzera pa AUX. Likapitirira, zimitsani zonse, muzule RCA ku ampulifaya, mulizenso injini n'kuyatsanso wailesi. Phokoso likatsalabe, gwero lake ndi earth ya ampulifaya kapena ampulifaya yeniyeniyo. Likasowa, likuchokera kutsogolo, ndipo pamenepo tengani chingwe china cha RCA muchiyale pamwamba pa mipando kuchoka ku wailesi kukafika ku buti. Kukakhala chete, chingwe chakale chija n'chowonongeka kapena chinadutsitsidwa limodzi ndi waya wa magetsi, ndipo muyenera kuzisiyanitsa, magetsi mbali imodzi ya galimoto, RCA mbali inayo. Kukapanda kusintha, tengani kawaya kakuda ka kumbuyo kwa wailesi, kamene ndi earth yake, mukamange pa chitsulo cholimba cha m'dashibodi.

Mawailesi ena ali ndi kafyuzi kakang'ono mkati kolumikiza mphete yakunja ya RCA ndi earth, ndipo kamapsa munthu akazula kapena kulowetsa RCA wailesi ndi ampulifaya zili zoyaka, kapena ampulifaya ikakhala ndi earth yoipa n'kuyamba kubwezera magetsi kudzera m'chingwecho. N'chifukwa chake ndanena kuti muzizimitsa kaye. Kuti mudziwe ngati kapsa, gunditsani kawaya mbali imodzi pa mphete ya RCA, mbali inayo pa chitsulo cha wailesi. Phokoso likatha pomwepo, mangani kawayako kakhale pomwepo kapena mupite nayo wailesiyo kwa wokonza. Kabokosi kotchedwa ground loop isolator kamathandiza, koma ine ndimakasiya komalizira, popeza kamabisa vuto m'malo molichotsa, ndipo totchipa timadya besi.

Besi yofooka kapena yosasa

Besi ikamamveka koma yopanda mphamvu, ganizirani za pozitivu ndi negetivu. Masabuwufa awiri akakhala m'bokosi limodzi, ina n'kumatuluka pamene inzake ikulowa, mawu awo amafafanizana. Kabatire kaja kamathandizanso apa, chifukwa mukagunditsa pozitivu yake pa waya wa pozitivu masipika onse ayenera kutulukira kunja limodzi. Ngakhale sabuwufa ili imodzi, imatha kulimbana ndi masipika a m'zitseko, choncho khalani pa mpando wa dalaivala, wina azisintha kabatani ka PHASE pakati pa 0 ndi 180, musiye pamene besi yamveka yodzadza. LPF iikeni chapafupi ndi 80 Hz, pakuti mukaikweza kwambiri mumayamba kumva mawu a woimba akuchokera m'buti. Ngati wailesi ili ndi HPF ya masipika a m'zitseko, iikeninso pa 80 kuti apumeko ku besi yolemera. Bokosi nalo lisatulutse mpweya m'malumikiziro ake. Yendetsani chikhatho m'mphepete mwake nyimbo zikuimba, ndipo pamene mwamva kamphepo pamateni ndi silikoni.

Kabatani kolembedwa GAIN kapena LEVEL kawononga masabuwufa ambiri kuposa china chilichonse, chifukwa anthu amakatenga ngati voliyumu n'kukapotokola mpaka kumapeto. Ntchito yake n'kugwirizanitsa mphamvu ya mawu ochokera ku wailesi ndi zimene ampulifaya ingakwanitse. Kakapitirira muyezo, ampulifaya imafika pothera mphamvu zake n'kuyamba kutulutsa mawu osasa, ndipo ikapitiriza motero koyilo imatentha mpaka kupsa, ngakhale pa sipikapo patalembedwa mawati ambiri. Pofuna kukaika bwino, bwezani gain pansi, muzimitse BASS BOOST ndi LOUD, besi ya pa wailesi ikhale pa ziro, mukweze voliyumu mpaka magawo atatu mwa anayi, kenaka mukweze gain pang'onopang'ono kufikira mawu atayamba kusintha, ndipo mubwerere m'mbuyo pang'ono. Amene ali ndi mita atha kuchita mwa masamu. Tengani mawati a RMS a ampulifaya kapena a sabuwufa, amene ali ochepa mwa awiriwo, muwachulukitse ndi ma ohm, mupeze square root yake: mawati 300 pa ma ohm 4 amapereka 1200, ndipo square root yake ndi 34.6. Chotsani mawaya a sipika, mulize kamvekedwe koyezera ka 50 Hz kamene kamapezeka pa intaneti, muike mita pa AC pa malo otulukira mawu, mukweze gain mpaka mavoliti 34.6 n'kulekera pomwepo. Poyesa ndi khutu sankhani nyimbo yojambulidwa bwino, chifukwa zambiri zimene timaikitsa pa flash m'mashopu a pamsika zimakhala zosasa kale, ndipo palibe ampulifaya imene ingaziwongole.

Phokoso lina silikhala la magetsi n'komwe. Besi imagwedeza nambala puleti, jeke, masipanala ndi tayala lapadera, ndipo munthu woima kunja amangomva ngati malata akuwombedwa ndi mphepo. Zidutswa za mphira ya chubu chakale zoikidwa kuseri kwa nambala puleti ndi pansi pa zitsulo zogwedera zimathetsa zambiri. Bokosi lenilenilo limangidwe ndi malamba kapena mabawuti, chifukwa losamangidwa limasolola mawaya likamatsetsereka, ndipo pa buleki yadzidzidzi m'galimoto yopanda chotchinga kumbuyo, monga Sienta kapena Probox, limatha kuuluka n'kuvulaza okwera.

Chatsala ndi batire lotha usiku. Zimitsani galimoto, muzule kiyi, mupite ku buti mukaone ngati kanyali ka ampulifaya kazima. Kakakhala kakuyakabe, REM inalumikizidwa ku waya wokhala ndi moto nthawi zonse, kawirikawiri wachikasu wa kumbuyo kwa wailesi, m'malo mwa kabuluu kaja kapena wofiira wa ACC, mwinanso wina anaiwala kawaya koyesera pakati pa +12V ndi REM. Kakakhala kazima koma batire likuthabe, ikani mita pa 10A, muchotse waya wa negetivu pa batire, mita ikhale pakati pa mutu wa batire ndi wayayo, zitseko zonse zitatsekedwa. Musalize injini mita ili pamenepo, ingapse. Dikirani mphindi zingapo kuti makompyuta a galimoto azime, ndipo galimoto yopanda vuto imakoka ma amp osapitirira 0.05. Chiwerengero chikakhala chachikulu, zulani fyuzi ya pafupi ndi batire ija. Chikatsika, ampulifaya ndiyo ikudya batire, koma chikapanda kutsika, zulani mafyuzi a galimoto imodziimodzi, kuyambira ya wailesi, mpaka mupeze imene ikuchitsitsa. Zonsezi zikakhala bwino, funsani amene amatsala m'galimoto pa siteji inu mukapita kokadya, popeza ola limodzi la besi injini itazimitsidwa n'lokwanira kufooketsa batire laling'ono, ndipo galimoto ya otomatiki siilira ndi kukankha.